Mzere wa Pamwamba

Magetsi azimanso ku Chinsapo kuno.
Ndikulemba ndi kuwala kwa foni
pachikuto cha kope lakale la masamu:
mayina asanu ndi anayi akufunika,
koma pensulo yaima pa mzere woyamba
ngati mbuzi yokana mlatho.

Masewerawa anatipeza ali m'chikwama chimodzi,
zibonga ziwiri, magolovesi onunkha nkhungu.
Dzina lake tinalipinda kuti likwane m'kamwa: besibolo.
Popondapo tinasoka matumba a simenti,
n'kuthiramo mchenga wa mu Likuni.
Mawa kukubwera a ku Kawale.
Ayambe ndani?

Yotamu wanena kale kuti ndi iye.
Mapewa aja anakulira pa njinga ya makala.
Akaupeza mpira, umakalira pa malata a chigayo,
ana n'kuthamangira kukautola.
Koma Yotamu amakwapula chilichonse,
ngakhale ntchentche yodzidutsira,
ndipo akayamba iye, matumba onse ali mbee,
ndiye azungulira yekha, fumbi koboo,
minibasi yofika ku depoti msanga
yopanda wokwera.

Sekerani ali ndi miyendo, ndikuvomera.
Tsiku lina anapitirira kabaza pa chitunda.
Kungoti miyendo imadikira chilolezo cha maso,
ndipo maso ake amatsinzina mpira ukamabwera.
Katatu waphonya, wabwerera pa benchi
liwiro lake lili m'thumba, losamasula.

Ndatsegula tsamba la kumapeto,
pamene ndimalemba timizere palibe akuona.
Mwatitha. Wamfupi ngati ndowa zake.
Pa maulendo khumi, kasanu n'kamodzi
anaima pa thumba loyamba.
Kawiri kokha anamenya, timipira tokwawa,
kotsalako anangoima,
kuyang'ana mpira wokwera ukudutsa,
wotsika ukudutsa, wa kunja, wina wa kunja,
mpaka woponya anataya inayi
ndipo iye anayenda, osathamanga,
ngati wopita kogula mchere.

Palibe amaombera m'manja munthu woyenda.
Inenso sindinaombe.

Koma mwanayu anaphunzira kwina.
Folo koloko m'mawa amakhala ali pa kiyosiki,
wa nambala sate pa mzere wa zigubu,
kumvetsera mpopi ukutsokomola mpweya,
kudziwa kutsokomola kwabodza
ndi kumene kukubweretsa madzi.
Maso a nkhono amene amati n'kudekha aja
iye anawaona kalekale, sakambanso.

Ndipo akabwerera amanong'oneza anzake:
uyu akafuna kupotoza, chigongono chimagwa,
uyu akatopa amanyambita chala.
Woyamba amapita kukalawa woponya
kuti otsatira adziwe pomwe pakuwawa.

Ndalemba. Mwatitha, pamwamba.
Sekerani wachiwiri, mwina aphunzira poyang'ana msana wake.
Yotamu wachinayi.
Adzatupa, ndikudziwa, adzakankha thumba ndi phazi,
adzati mphunzitsi mwandiika kumbuyo kwa mtsikana.
Ndidzamuuza kuti ayang'ane bwino:
njinga yake imalemekezeka ikasenza,
ndipo ndikumupakirira katundu.

Batire latsala pang'ono kufa.
Kwatsala nkhani imodzi imene si ya m'kope.
Mayi ake anandiuza dzana, manja ali m'chiuno,
kuti za zibonga iwo sazidziwa,
chimene akudziwa n'chakuti Loweruka amachapa,
ndipo mwana sachoka pakhomo
migolo iwiri isanadzaze.

Ndiye ndatchera belu pa hafu fili.
Ndabwereka zigubu zinayi ndi wilibala yolira.
Ndikaima ine pa mzere uja,
bambo wandevu pakati pa zitenje,
azindiseka mmene angathere,
mwana agone, maso apume.
Mwinanso mpopi ukatsokomola koyamba
ndidzathamangitsa chigubu ngati Yotamu,
amayi onse n'kuti, dikirani achimwene,
umenewo ndi mpweya chabe.