Mchombo wa Tambula

Bokosi lafika Lachiwiri kuno ku Rosettenville,
lomangidwa ndi lamba wa jekete,
lonunkha mphemvu ndi nyuzipepala zakale.
Mwini wake anatisiya. Ana ali kutsidya kwa nyanja,
anangoimba foni: gulitsani zonse.

Maso a Mayi Pestana achita nkhungu masiku ano,
ndiye kuona ndi ntchito yanga.
Anandiphunzitsa chaka chija ndinkangosesa m'sitolo:
"Usayambire maluwa, Lifa, maluwa amanama.
Tembenuza. Tambula imaulula kumatako."

Ndatembenuza.
Iyi ili ndi msoko kuyambira kukamwa mpaka pansi
ngati kabudula wa kusukulu.
Yamakina, yadzulodzuloli,
zija ankaninkha munthu akathira petulo.
Marandi asanu. Ikhale uko ndi azibale ake.

Koma iyi.
Ilibe msoko, ndipo imatsimphina patebulo.
Pansi pake pali mchombo wokhakhala
pomwe mmisiri anaithyola pandodo ikadali psuu.
M'khoma mwake muli timathovu titatu,
mpweya wa munthu yemwe dzina lake sindidzalimva:
anauzira kamodzi tsiku lina lantchito
ndipo mpaka lero sunapeze potulukira.

Ndaigogoda ndi chikhadabo, ngwiii,
mateksi a ku Turffontein adutsa awiri
iyo isanamalize mawu ake.
Padzuwa ikuonetsa kamtundu ka jakaranda,
kamene kamabwera ndi zaka zokhala pazenera.
Zokandika za pansi zapita uku ndi uko,
matebulo ambiri, manja ambiri, mikangano.
Akathyali amakanda ndi sandipepa kuti ikalambe,
koma dzanja la kathyali limalowera kumodzi.

Mayi Pestana aisisita ndi chala, maso ali tsinzi.
Akuti ya ku Putukezi, inadzera ku Maputo
m'sutikesi, yokulungidwa m'malaya amkati,
chaka chomwe iwonso anathawa ndi amayi awo.
Buku lathu lalikulu lija likuti mwina ku Bohemiya,
koma tsamba lotsatira linadyedwa ndi chiswe.

Cha m'ma thwelofu galimoto ya apolisi yaima
pakhonde la Che Ndembo wosoka nsapato.
Nayenso amutembenuza,
amupisa m'matumba, amupenda khungu padzuwa,
amugogoda ndi funso:
chigongono m'Chizulu n'chiyani?
Mawu ake alira ngati a ku Namwera.
Akwera kumbuyo, nsapato ya kasitomala ili m'manja.

Ine ndinali kuseri kwa shelefu,
tambula pachifuwa, mpweya wanga
utatsekeredwa ngati timathovu tija.
Pepala langa linatha mphamvu mu Epulo.

Madzulo Mayi Pestana andipatsa kachikalata ndi ulusi.
"Lemba: zaka zoposa zana.
Kochokera: sikudziwika bwino.
Usaope kulemba choncho,
a ku Parkhurst amakonda zoterozo, amawonjezera ndalama."

Ndalemba marandi mazana asanu ndi atatu,
dzanja likunjenjemera pa ziro womaliza.
Atatseka kauntala n'kupita kukasaka makiyi,
ndapita nayo kumpope wa kuseri
pomwe timatsukira mopu.
Ndaitsuka kawiri, ndaidzaza.

Mlomo wake uli ndi pobenthuka pang'ono
pomwe lilime lokha ndi limene lingapapeze.
Madzi ake ndi a Joni omwewa,
onunkha mankhwala, ozizira kumano.
Ndamwa onse, chiimire,
kenako ndaipukuta ndi malaya anga
kuti mawa wogula asapezepo chala changa.