Kaundula wa Ogogoda

Ku Rosettenville kwazizira usiku uno,
Juni walowa m'mafupa.
Ndafunda bulangete mpaka m'makutu
n'kutsegula fayilo imene seva imalemba yokha
wina aliyense akagogoda.

Sevayo si yathu tokha.
Timachita lendi ngati m'fulati muno:
mabanja anayi, khitchini imodzi, makatani m'malo mwa zitseko.
Webusayiti ya Mai Nangondo, osoka madiresi aukwati ku Jeppe,
imagona khoma limodzi ndi ya wogulitsa matayala,
ya tchalitchi cha anthu a ku Kongo,
ndi ya wina wosadziwika, amene akatsegula mpopi wake
madzi amachepa kwa tonsefe.

Mayiwo anangondifunsa kamodzi, singano ili pakamwa:
"Marandi ndimalipira mwezi ndi mwezi aja,
alipo amene amabwera kudzaona?"

Alipo, mayi. Mizere zikwi zisanu ndi zinayi sabata ino.
Koma ambiri si anthu.
Ndi maloboti, osati a pamphambano aja
amene amafa magetsi akathima.
Awa sagona.
Amanunkhiza tsamba lililonse n'kupita osagula ndi ulusi womwe.
Ena amayesa chitseko chakuseri
kakhumi pa sekondi imodzi
ndi makiyi a nyumba za eni.
Ndimawachotsa ngati timiyala mu nyemba.

Otsala ndi anthu mazana awiri ndi mphambu zake.
Mzere uliwonse uli ndi nambala ya kumene wachokera,
nthawi, chimene anapempha,
ndi yankho limene anapatsidwa pakhomo.
200 ndiye kuti: lowani, chilipo.
404 ndiye kuti: pepani, kuno kulibe.
Wa ku Soweto anakhalitsa pa diresi la mikanda.
Wa ku Durban anafika pa mitengo n'kuthawa.

Ndiye pali uyu.
Nambala yake ndi ya netiweki ya kumudzi,
foni yakale, yotchipa,
nthawi yake folo koloko m'bandakucha,
bandulo ya usiku isanathe.
Sadutsa patsamba loyamba, saona diresi ngakhale limodzi.
Amalunjika chinthu chimodzi basi:
chithunzi cha Lufeyo ali pa makina.
404.
Mawa lake, 404.
Ndawerenga ndi chala pagalasi:
masiku makumi awiri ndi atatu osadumpha.

Lufeyo anachoka mu Epulo,
akuti wapita ku Kepi, ena akuti ku Lindela,
atatenga sizasi yabwino ija ndi malipiro a mwezi wosagwira.
"Mufufute," anatero mayi. Ndinafufuta ndine,
ndikudya chipisi, osaganiza kawiri.

Kaundula sanena dzina.
Sanena ngati ndi mkazi, mlongo, kapena wangongole.
Sanena ngati chala chimanjenjemera chisanadine.
Amangolemba kuti munthu anafika
ndipo anabwezedwa.

Chithunzicho chinali chikadali m'nkhokwe ya mwezi wa Malichi:
tepi m'khosi, kapu yopendekeka, dzino lotchyoka,
akuseka wina amene sakuoneka.
Ndachibwezera pamalo pake, dzina lomwelo,
popanda njira yochokera patsamba lina lililonse.
Wochipeza ndi yekhayo wodziwa kale khomo.

Sindinagone.
Mwana wa kuseri kwa katani anatsokomola mpaka cha m'ma fili.
Taxi yoyamba inayamba kuliza hutala kumunsi.

Folo koloko, mphindi zisanu ndi ziwiri:
200.
Patapita mphindi imodzi, 200 winanso,
ngati munthu wosakhulupirira maso ake.

Lipoti la Mai Nangondo ndalemba tsamba limodzi:
alendo enieni angati, diresi lokondedwa ndi liti,
maloboti angati ndawatsekera kunja.
Za mzere uwo sindinatchule.

Kenako ndinatenga foni yanga.
Uthenga wa mchemwali wanga Asiyatu unali pomwepo,
wa pa Isitala,
wosatsegula.