Chingwe cha Mwandida

Telala wa pakhonde ku Mpondabwino,
Che Ajasi, anayamba wavula magalasi.
"Muyeso wa ndani?"
Ndinati wa mphaka.
Anaseka mpaka makina anaima,
kenako anadula malamba a chikwama chakale cha sukulu
n'kusoka kamalaya kopanda manja,
kamphete kachitsulo pakati pa mapewa.

Mwandida anabadwira m'katoni kuseri kwa firiji.
Zaka zitatu dziko lake linali makatani,
kunsi kwa bedi,
ndi phiri la Zomba loduladula ndi zitsulo za pawindo.
Anali asanapondepo mame.

Tsiku loyamba kumuveka
anagwa cham'mbali ngati thumba la makala,
miyendo gwa, maso tong'o,
kundiuza kuti ndamupha.
Ndinaika usipa umodzi patali ndi mphuno yake.
Maliro anathera pomwepo.

Sabata yonse tinayenda m'nyumba,
kuchoka kukhitchini kukafika pabalaza,
iye kukwawa chamimba,
ine kukoka mwendo wamanzere
umene sitiroko inandisiyira ngati katundu wa eni.
Kuchipatala chachikulu anandiuza,
"Bambo, muziyenda tsiku ndi tsiku."
Ndinavomera ndi mutu
n'kukhala miyezi isanu osadutsa geti.
Ndinkaopa maso a anthu
amene ankandiona ndikuthamangira minibasi.

Lachiwiri lina, chifunga chisanachoke m'phiri,
ndinatsegula chitseko.
Anaima pakhomo mphuno ikunjenjemera,
kuwerenga mphepo ngati kalata yochokera kutali:
utsi wa mbaula, paini wonyowa, galu wa a Likaka.
Phazi limodzi pa udzu. Analibweza, n'kulikutumula.
Linanso.
Theka la ola, mapazi asanu ndi awiri.
Sindinamufulumizitse.
Ndikanalankhula ndi nkhope yanji?

Wakabaza anatsala pang'ono kulowa m'ngalande.
Ana a sukulu anatilondola:
"Taonani, akukadyetsa mphaka kudambo!"
Mayi wa mandasi analavulira kumbali,
ndipo pofika Lamulungu nkhani inali kutchalitchi
kuti mkulu uja zake zija
wayamba kuyenda nazo masana.
Ndinamva. Mawa lake tinatulukanso.

Mphaka sakokedwa.
Ukakoka amagona, n'kusanduka mwala.
Umalekerera chingwe chilende,
n'kumutsata kumene akufuna:
pa chulu, pa nthenga ya njiwa,
pa buluzi amene wathawa kalekale.
Ine amene ndinalamula makalaliki zaka makumi atatu
ndimaima pamsewu kudikira
kuti bwana amalize kununkhiza tsamba.

Ndiye tsiku lija pafupi ndi Mulunguzi.
Pusi anatsika mumkuyu, mano pamtunda.
Mwandida sanafunse:
anakwera thalauzi langa ndi zikhadabo zonse,
malaya, mpaka pakhosi,
kamtima kake kakugunda pa kanga.
Ndinamugwira ndi manja awiri.
Pusi atapita ndi pamene ndinaona
ndodo yanga ili gone mu udzu,
ine ndili chilili.
Awiri, ndati. Ngakhale lakufa lija.

Zipsera zikadalipo pantchafu.
Mwana wanga Tinenenji poimba foni kuchokera ku Mzuzu
amati, "Adadi, anthu aziti chiyani?"
Ndimati anena kale, atopa.
Mayi wa mandasi masiku ano
amasunga nyenyeswa m'kapepala,
ngakhale amaponya chapatali, osayang'ana.

Tsopano timafika pa mlatho.
Iye amasuzumira madzi, ine ndimapuma.
Pobwerera amatsogola, mchira m'mwamba,
ndipo sindidziwa kuti odutsa amaona
ndani wamangidwa ku nsonga iti.

M'mawa uno kukuzizira, mawondo akukana.
Ndinati lero tigone.
Koma uyo wakhala pansi pa msomali
pamene pamapachikidwa kamalaya ka Che Ajasi,
sakulira, sakundiyang'ana,
akungodikira
ngati munthu wodziwa kuti nsapato zanga
zili pomwepa, pansi pa mpando.