Manambala Aang'ono Pansi pa Tsamba

Kalasi langa lili pamwamba pa phiri ku Valparaíso,
komwe nyumba zimagwirana malaya kuti zisagwere m'nyanja.
Chaka chilichonse ana amalemba mbiri ya munthu mmodzi,
ine n'kumafunsa funso lomwelomwelo
mpaka anandipatsa dzina:
Mayi Wakuuza-Ndani.

Renato anabweretsa masamba asanu osalala ngati mbale yotsuka.
Munthu wake anabadwa, anavutika, anapambana, anamwalira.
Wakuuza ndani?
Zili pa intaneti, aphunzitsi.
Intaneti ndi msika, mwanawe.
Ndiuze benchi, ndiuze wogulitsa,
ndiuze tsiku lomwe unagula.
Anabwerera kumpando akukoka nsapato.

Koma ndikufuna kunena za Maite Carvallo,
wokhala kuwindo, wodya zikhadabo.
Iye anasankha Eleuterio, agogo a bambo ake,
amene zaka makumi atatu ankayendetsa ngolo ya pachingwe
yokweza anthu kuchokera kudoko.
Kubanja kwawo nkhani inali yokhazikika:
usiku wa moto Eleuterio anatsitsa anthu makumi asanu,
utsi uli m'maso, chitsulo chikuwotcha zikhatho.

Kumanda mwala unati anabadwa 1911.
Kutchalitchi buku la ubatizo linati 1909.
Maite anabwera atakwiya: akufa akunama!
Ndinati lemba zonse ziwiri.
Mwala ndi mboni, buku ndi mboni,
usakhale woweruza wothamangira nkhomaliro.
Ika kanambala pamapeto a chiganizo,
pansi pa tsamba unene amene wakubwereka mawuwo.
Mawu a mwini ndi khasu lobwereka,
umalimira, koma sufufuta dzina pa mpini.

Sabata yachitatu anabwera wopanda mkwiyo,
ndipo ndinachita mantha.
Anayala mapepala awiri patebulo panga.
Kaundula wa kampani: usiku wa moto, Eleuterio analipo pantchito.
Kaundula wa chipatala: usiku womwewo, bedi 12,
Eleuterio, mwendo wothyoka, wagona masiku anayi.
Aphunzitsi, nditaye liti?
Ndinati usataye, pita ukafunse wamoyo.

Wamoyo anali mmodzi, azakhali Eliana,
zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi chimodzi.
Anaseka mpaka kutsokomola.
Bambo anali m'chipatala, inde.
Anavala chipewa chawo ndi jekete ndi amayi, Rosenda,
kuopa kuti malipiro angadulidwe.
Mkazi sankaloledwa kugwira chitsulo chija,
ndiye tinangokhala chete.
Zipsera zinali m'manja mwa amayi,
anthu ankati n'za mafuta okazingira nsomba.
Bwanji simunanene?
Palibe anandifunsa ali ndi pensulo m'manja.

Maite anasintha mutu wa nkhani yake.
Ndinamukumbutsa kuti mboni ndi imodzi,
ndipo inali ya zaka zisanu ndi chimodzi moto ukuyaka.
Anandiyang'ana ngati ndamuponda chala,
koma analemba: malinga ndi kukumbukira kwa mwana wawo.
Mawu asanu ndi limodziwo ndinawachonga kawiri.

Azakhali Eliana anamwalira mu Ogasiti,
mvula ikutsika m'masitepe a mzinda.
Ntchito ija ndinaiwerenga mu Seputembala.
Makoma anali osowa, ndime yachiwiri inali yotsimphina,
ndinadula mamalikesi atatu.
Kenako diso linatsikira pansi pa tsamba lachinayi,
pa zilembo zing'onozing'ono zomwe anthu amadumpha:

7. Eliana Carvallo, pocheza ndi wolemba,
kukhitchini kwawo, Cerro Cordillera, 14 Meyi,
wailesi atazimitsa.

Za wailesizo malamulo salola.
Ndinanyamula cholembera chofiira,
ndinachigwira m'mwamba kanthawi,
n'kuchibwezera m'kapu.

Mawa Renato abweretsa masamba ake kachitatu.
Akuti wapeza benchi,
wogulitsa ndiye akumufunabe.