Katatu pa Tsiku

Anati mumalize onse, musasiyeko ndi limodzi lomwe.
Ndiye ine ndinatchera alamu pa foni:
m'bandakucha, masana,
ndi usiku sitima ikagwedeza mazenera athu ku Mayfair.
Masabata asanu ndi limodzi ndinkakuikirani piritsi m'dzanja
loti liumitse chotupa cha m'chiwindi chija,
inu n'kumati m'kamwa mukumva ngati mwavumata kiyi.

Che Ajibu, zaka khumi ndi zinayi pa makina ku Fordsburg,
ulusi munkaulowetsa pa singano maso ali kumsewu.
Lachiwiri lija unakukanani.
Kasanu. Kakhumi. Munaseka.
Lachinayi lilime linalemera,
dzina langa n'kumadukira panjira: Asi... Asi...

Pokwerera maminibasi ku Bree munadzandira,
anyamata n'kukuwa m'Chizulu
mawu amene ndinawamva popanda womasulira:
mdala waledzera.
Inu, amene mowa simunaulawepo chibadwire.

Mwini nyumba anati ndi sitiroko.
Alamu anu ku Namwera anati pali dzanja la munthu,
malata aja munakhoma msanga.
Anati mubwere naye akupuma,
mtembo ndi wodula pa boda.

Dokotala Sithebe, msinkhu wa mwana wathu woyamba,
anati gwirani mphuno yanu, kenako chala changa.
Chala chanu chinasochera m'malere.
Iye anapempha botolo m'chikwama changa,
nawerenga dzina, nawerenga masiku pa zala.
Pa chithunzi cha ubongo panali timadontho tiwiri toyera,
kumanja ndi kumanzere,
tofanana ngati mabatani a malaya a mwana.

Sizichitikachitika, anatero.
Pa anthu zikwizikwi mwina mmodzi.
Mankhwala anagwira wakuba,
kenako n'kulowa chipinda cholakwika.
Tiwasiya lero, tipeza ena.

Ndinafunsa: ndiye ndine?
Anati ayi, mayi, inu munachita zimene tinakuuzani.
Tikulankhula choncho
alamu inalira m'thumba mwanga,
yokhulupirika ngati galu.

Tsiku lachisanu ndi chinayi munapempha singano.
Koyamba, ayi.
Kachiwiri dzanja linanjenjemera.
Kachitatu unalowa, ulusi wobiriwira,
ndipo munati Asiyatu,
lonse, mpaka kumapeto kwake.

Botolo lija likadali pamwamba pa filiji,
mwatsala khumi ndi limodzi.
Chotupa chinauma, zoona.
Ndikamasesa ndimalisuntha, n'kulibwezeranso.
Sindinadziwebe choti ndiliuze.