Mtundu wa Atate

Pulinta ndinagula kwa Felisiberto pamsika wa Ulongwe,
yakale, chivundikiro chomata ndi selotepi.
Ndinkafuna chithunzi chimodzi chokha:
atate tsiku lotsazika ku mgodi wa Moatize,
ataima pambali pa tayala lowaposa msinkhu,
ovolosi ya lalanje, chisoti m'khwapa.

Pafoni amaoneka bwinobwino.
Pepala loyamba linatuluka mokwawa, nsapato patsogolo,
ndipo atate anali obiriwira
ngati munthu amene wagona m'dambo sabata yathunthu.
Amayi anaseka mpaka kutsamwa:
"Ameneyu ndi wa kwa yani?"

Ndinatsegula. M'mimba mwa makinawo muli inki zinayi:
yakuda, yachikasu, ina yonga thambo la m'mawa wa Juni,
ndi ina imene chinenero chathu sichinaitche dzina,
yofiira yosafiira, ngati khungu la mbatata ya kholowa.
Imeneyo ndiyo inali itauma kukhosi.
Ndinatsuka katatu, timizere toyesera tikumwa inki,
ndikuona metikali iliyonse ikudontha.

Pepala lachiwiri, atate psuu ngati katondo.
Lachitatu, ovolosi yakhoza
koma nkhope yamira, kwatsala mano ndi maso.
Ndikawalitsa nkhope, lalanje lisanduka papaya wosapsa.
Ndikabweza lalanje, atate alowanso mumdima.
Kodi amene anapanga makinawa
ankayesera pa nkhope ya yani?

Felisiberto anandiyankha akumangira wina chenje:
"Foni ndi yabodza, mlongo. Ili ndi nyali yake kumsana,
pomwe pepala limakhalira kubwereka kuwala.
Tsitsa kuwala kwa galasilo kufike pakati.
Uuze makina dzina lenileni la pepala lako,
usati ndi lonyezimira pamene ndi la m'kope.
Ndipo usagamule mlandu usiku.
Babu ndi mboni yoledzera."

Ndiye ndinkadikira kuche.
Ndinkayala mapepala pakhonde, mwala pangodya iliyonse,
kuti inki iume, inene zoona zake.
Ndinakatenga ovolosi ija pachingwe
koma zaka ziwiri za kumunda wa mbatatesi
ndi sopo wa amayi zinali zitaidya.
Ndinatembenuza thumba la pachifuwa,
momwe dzuwa silinalowemo:
lalanje linali momwemo, lamoyo, likundidikira.

Khungu ndiye linavuta.
Atate akuwodzera pampando, wailesi pamimba,
ndinkayandikiza pepala patsaya lawo ngati wakuba.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndawatcha akuda.
Si akuda ayi.
Pamphumi pali khofi wokazinga, pansi pa diso uchi wakale,
m'mbali mwa khosi kamtundu ka nthudza yakupsa.
Ndinachotsa yachikasu pang'ono, ndinawonjezera ya kholowa ija,
ndinatsegula mithunzi yokha, lalanje osalikhudza,
manambala ndikulemba ndi pensulo kuseri kwa kalendala.

Pepala lachisanu ndi chinayi linatuluka Loweruka.
Amayi sanaseke.
Anapukuta manja pa chitenje asanaligwire.

Atate anavala magalasi, nayang'ana onse asanu ndi anayi
monga amayang'anira mbewu asanagule.
Anadutsa wobiriwira, anadutsa wa katondo,
langa labwinolo analigwedezera mutu,
kenaka anatola lachitatu, lomira nkhope lija.
"Uyu ndimamudziwa," anatero.
"Ndi mmene ndinkawerukira, fumbi la malasha mpaka m'makutu.
Pageti ankandizindikira ndi mano."

Lachisanu ndi chinayi lili pakhoma, m'felemu, alendo amaliyamikira.
Lachitatu analipinda pawiri
nalilowetsa m'thumba lija la pachifuwa,
ndipo m'mawa uno lapita nawo kumunda.