Chilembo Chosalankhula

Usiku wa ku Moatize suzizira.
Fumbi la malasha limagona pa lilime,
ine ndili maso, foni pa bondo,
khutu limodzi ndapatsa chingwe,
linalo ndasiyira geti la abwana.

Mayi wa m'fonimu satopa.
Ndikadina amanena, ndikadinanso amabwereza:
debt.
Ndawerenga zilembo zinayi, iye watchula zitatu.
Chachiwiricho changokhala duu pakati pa anzake
ngati mlamu wanga Zeferino pa maliro a atate,
wofika, wokhala pa mphasa, wosanena kanthu
za mametikali amene anabwereka chaka cha chilala.
Nditapeza kuti tanthauzo lake ndi ngongole
ndinaseka ndekha mpaka galu anadzuka.

Chichewa ndinayamwa ku Domwe.
Chipwitikizi anandikhomera ndi rula aphunzitsi a Gervásio.
Ichi chachitatu ndikuchitola ndekha
ngati makala ogwa m'ngolo za sitima,
ndipo chimalemba antchito ambiri, ogwira ntchito ochepa.
Taonani queue:
zilembo zisanu zandandalika,
choyamba chokha ndicho chamveka,
zinayi zangoima kumbuyo kwake
monga timaimira ife Lolemba lililonse
pa zenera la ofesi, mapepala m'manja, dzuwa pa liwombo.

Pali ena ofuna lilime pakati pa mano
ngati mwana wonyoza mnzake.
Thorough anandilumitsa kawiri.
Ndimadikira sitima ya ku Beira, ya mawilo osatha,
kuti phokoso lake lindifunditse,
ndiye ndimakuwa mawuwo mokweza, molakwa, mopanda manyazi,
mpaka ngolo yomaliza ipite ndi zolakwa zanga kunyanja.

Koma pali liwu limodzi limene silinandiseketse.
Ndinalitola pa pepala louluka kuchokera m'galimoto ya mainjiniya,
pansi pa chithunzi cha mudzi wathu wa malata:
negligible.
Ndinaligawa panayi ngati chinangwa,
ndinalitafuna masiku atatu lisanalole kutuluka bwino.
Buku likuti: chochepa zedi, chosayenera kuwerengedwa.
Ankanena za fumbi.
Eufrásia wanga amatsokomola kuyambira mwezi wa Juni,
malaya ake oyera a kusukulu
timayanika m'nyumba.

Lachisanu kuli mayeso a ntchito ya ukalaliki.
Adzandifunsa m'Chingerezi, anthu atatu kuseri kwa tebulo,
botolo la madzi patsogolo pa aliyense.
Ndakonzeka. Ndikudziwa malo amene liwu limakwera,
malo amene limagwada,
ndi chilembo chimene chimadya osalipira.
Akandipatsa mpata wofunsa
sindidziwa ngati ndidzatulutse pepala lija m'thumba.
Lili m'thumbamo, lapindidwa kanayi, ladetsedwa ndi zala zanga.

Tambala wa kwa a Chimkwita walira.
Batire yatsala pang'ono.
Ndidinanso kamodzi,
mayi uja anene, ine nditsatire.